Mkulu Woyang'anira Zatsopano: Udindo Umene Makampani Akuluakulu Amaupanga, Kuuthetsa, n'Kuupanganso

Mu Januwale 2024 kampani ya Walmart, mwini wa masitolo zikwizikwi ku America, idatseka nthambi yake yotchedwa Store No. 8. Ngakhale dzina lake likumveka ngati la sitolo, m'menemo simunkagulitsidwa sopo kapena shuga. Nthambiyi idakhazikitsidwa mu 2017 kuti iziyesa njira zimene anthu adzagulire katundu m'tsogolo. Patangodutsa miyezi iwiri, Microsoft idalemba ntchito Mustafa Suleyman, mmodzi wa anthu amene adayambitsa kampani ya kafukufuku wa makompyuta ya DeepMind, kuti atsogolere nthambi yatsopano ya Microsoft AI. M'mwezi womwewo wa Malichi, boma la America lidalamula nthambi zake kuti iliyonse isankhe mkulu woona za AI, ukadaulo wa makompyuta otha kuphunzira kuchokera pa zitsanzo n'kumalemba, kujambula ndi kuyankha ngati munthu.

Uku akutseka, uko akutsegula. Munthu wotsatira nkhani zamalonda akhoza kufunsa kuti kodi makampaniwa atopa nazo zatsopano kapena akuzithamangira? Zonse ziwiri zikuchitika, chifukwa chimene chikusintha ndi ntchito ya munthu wopatsidwa udindo woona kuti kampani ili ndi chogulitsa cha mawa.

Udindowu ndi wotani

Pa Chingerezi pali mawu akuti innovation. Ambiri timawamva ngati kutulukira chinthu chimene sichidaonekepo, koma a zamalonda amasiyanitsa. Kutulukira ndi pamene katswiri wapanga chinthu ndipo chagwira ntchito patebulo pake. Innovation ndi pamene chinthucho chafika m'manja mwa anthu, akuchigwiritsa ntchito, ndipo wina akulipira. Mbewu yatsopano ya chimanga ikadali ku siteshoni ya kafukufuku ndiye kuti yangotulukiridwa. Ikafika m'sitolo ya zipangizo zaulimi, mlimi n'kugula, kubzala, chaka chamawa n'kubweranso kudzagula, pamenepo ndiye yakhala chimene akunenachi. M'nkhani ino tizingoti zatsopano.

Munthu wopatsidwa ntchitoyi amatchedwa Chief Innovation Officer, kunena kuti mkulu woyang'anira zatsopano. Amakhala m'gulu la mabwana ochepa amene ali pansi pa mkulu wa kampani yonse, limodzi ndi woona za ndalama, woona za antchito ndi woona za malonda. Mayina amasinthasintha: kwina ndi mkulu wa ukadaulo, kwina mkulu wa zaintaneti ndi makompyuta, masiku ano mkulu wa AI. Chomusiyanitsa ndi anzakewo n'chakuti iwo amayankha za ndalama zimene zikulowa chaka chino, pamene iye amawononga ndalama za chaka chino pa zinthu zimene mwina zidzabweza patapita zaka zisanu, mwinanso sizidzabweza n'komwe. M'nyumba ya njala, iye ndiye uja amakaniza ana chimanga chopachikidwa pautsi kuti ichi n'cha mbewu.

Kale adali mfumu ya labotale

Poyamba udindowu udali wa wasayansi. Thomas Edison adatsegula labotale yake ku Menlo Park, m'chigawo cha New Jersey, mu 1876, ndipo General Electric idakhazikitsa yake ku Schenectady mu 1900. Yotchuka kuposa onse idali Bell Labs, ya kampani ya matelefoni ya AT&T, imene idayamba mu 1925. Kumeneko mu 1947 John Bardeen, Walter Brattain ndi William Shockley adatulukira transistor, kachipangizo kowongolera magetsi kamene lero kali mabiliyoni m'kati mwa foni imodzi. Ntchito ya mkulu wa malo otere idali kulemba anthu anzeru, kuwapatsa zida, n'kuwatchinjiriza kwa mabwana ofuna phindu msanga. Bell Labs inkakwanitsa zimenezi chifukwa AT&T idalibe wopikisana naye weniweni pa matelefoni a ku America, ndiye ndalama zinkalowa mwezi ndi mwezi osadodoma. Kampaniyo itagawidwa mu 1984, mtendere umenewo udayamba kuchepa.

Vuto la njira imeneyi lidaonekera pa makampani awiri. Xerox, yopanga makina okopera mapepala, idatsegula malo a kafukufuku otchedwa PARC ku Palo Alto mu 1970. Pofika 1973 akatswiri ake adali atapanga Alto, kompyuta yokhala ndi mausi ndi timazenera ta pasikirini. Steve Jobs wa ku Apple adakaiona mu Disembala 1979, ndipo mu 1984 Apple idatulutsa Macintosh. Xerox idapindula ndi printa ya laser, imene inkagwirizana ndi malonda ake a mapepala, koma msika wa makompyuta udapita kwa ena.

Nkhani ya Kodak ndiyo yoyenera kuiona pafupi. Amene adakula nthawi ya filimu akukumbukira wojambula uja woyenda panjinga, kamera pakhosi, amene ankakujambulani pa ukwati kapena pa ubatizo n'kumadikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzaze asanapite nayo kutauni kokatsukitsa. Pa ulendo wonsewo Kodak inkadya kangapo: pa filimu, pa mankhwala otsukira, pa pepala losindikizira. Mu 1975 injiniya wachinyamata wa kampaniyo, Steven Sasson, adalumikiza chibokosi cholemera pafupifupi makilogalamu anayi chimene chinkajambula popanda filimu. Chithunzi chimodzi, chakuda ndi choyera, chinkatenga masekondi 23 kuti chilembedwe pa kaseti, ndipo ankachionetsa pa wailesi ya kanema. Anthu amakonda kunena kuti mabwana ake adali ogona, koma si zoona kwenikweni. Kodak idadzagulitsa makamera a digito ambiri ndithu. Chovuta chidali chakuti kamera yotere munthu amagula kamodzi basi, osabweranso mwezi wamawa kudzagula filimu. Mu Januwale 2012 kampaniyo idapita kukhoti kukapempha chitetezo kwa oingongoza, ndipo pambuyo pake idagulitsa ziphaso za umwini wa ukadaulo wake wa zithunzi pa madola pafupifupi 525 miliyoni kwa gulu la makampani limene mudali Apple, Google ndi Samsung.

Chifukwa chake mbande zimafera powokera

Mlimi wa fodya amadziwa kuti pa nazale mbande zimakondwa: zimathiriridwa m'mawa ndi madzulo, zili ndi udzu wozitchinga ku dzuwa. Zambiri zimafa tsiku lozizula kupita nazo kumunda. M'kampani yaikulu labotale ndiyo nazale, ndipo munda ndi nthambi zimene zili ndi mafakitale, magalimoto, ogulitsa ndi makasitomala.

Tiyerekeze kuti inu ndinu bwana wa nthambi imene imabweretsa gawo lalikulu la phindu. Bonasi yanu imadalira malonda a chaka chino. Ngati kampaniyo ili pa msika wa masheya ku America, miyezi itatu iliyonse imayenera kuulula mmene yachitira, ndipo malonda akatsika pang'ono mtengo wa masheya umagwa. Ndiye akubwera mnzanu wa zatsopano ndi chinthu chosakhwima, chaphindu lochepa, chimene makasitomala anu akuluakulu sadachipemphe, ndipo chikayenda bwino chidzadya msika wa katundu wanu yemwe. Akupempha ogulitsa anu khumi ndi malo m'fakitale. Simungachite kumukanira poyera. Mungomuuza kuti tikambirane miyezi itatu ikubwerayi, ndipo ikatha mudzanenanso chimodzimodzi.

Clayton Christensen wa ku Harvard Business School adafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1997 lotchedwa The Innovator's Dilemma. Mfundo yake idali yakuti makampani oyendetsedwa bwino amagwa chifukwa cha zizolowezi zomwe zija zidawakweza: kumvera makasitomala awo abwino ndi kuika ndalama pamene phindu ndi lalikulu. Palibe amene ali wopusa m'nkhaniyi, aliyense akuchita zimene amalipiridwa kuti achite. Zitamveka zimenezi, funso la mabodi a makampani lidasintha. Adasiya kufunsa za kumene angapeze nzeru zatsopano, n'kuyamba kufunsa za munthu amene ali ndi mphamvu zodutsitsa nzeruzo pakati pa mabwana anzake.

Kutsegula zipata, kenako kumanga nyumba zapadera

Yankho loyamba lidali kusiya kudalira labotale ya pakhomo yokha. A.G. Lafley atakhala mkulu wa Procter & Gamble mu 2000, adaika cholinga chakuti theka la zatsopano za kampaniyo lizichokera kunja. Atafuna kusindikiza mawu ndi zithunzi pa tchipisi ta Pringles, sadayambe kafukufuku wa zaka. Adafunsa kunja, n'kupeza kabekale ku Bologna, m'dziko la Italy, ka pulofesa wina amene adali kale ndi njira yosindikizira pa makeke ndi inki yodyeka. Makampani ena adatsegula matumba a ndalama ogulira magawo m'timakampani tongoyamba kumene, monga Intel Capital ya mu 1991 ndi Google Ventures ya mu 2009. Apa mkulu wa zatsopano adasanduka mlenje ndi nkhoswe: wofufuza kumene kuli chinthu chabwino, n'kukambirana za ukwati wake ndi kampani.

Yankho lachiwiri lidali kupatula gulu laling'ono, kulipatsa nyumba yakeyake ndi malamulo akeake kuti mabwana a nthambi asalifikire. Njirayi ndi yakale. Mu 1943 Kelly Johnson wa ku Lockheed, ndi kagulu kake kotchedwa Skunk Works, adapanga ndege yankhondo ya XP-80 m'masiku 143. Koma idafala kwambiri m'zaka za m'ma 2010, pamene ngongole zidali zotsika mtengo ndipo kampani iliyonse inkaopa kugwetsedwa ndi anyamata a ku Silicon Valley, dera la makampani a ukadaulo ku America. Mabanki, makampani a inshuwalansi, ngakhale opanga zakudya, adatsegula maofesi okhala ndi mipando yamitundumitundu ndi makoma odzaza timapepala tomata. Ena mwa maofesiwa, kunena zoona, ntchito yawo yaikulu idali yoonetsa alendo.

General Electric idalowa ndi mutu wonse. Mu 2015 mkulu wake, Jeff Immelt, adakhazikitsa nthambi ya GE Digital, n'kunena kuti pofika 2020 kampaniyo idzakhala m'gulu la makampani khumi akuluakulu opanga mapulogalamu a kompyuta. Beth Comstock adakwezedwa kukhala wachiwiri kwa wapampando, woyang'anira zatsopano. Pofika kumapeto kwa 2017 onse awiri adali atachoka, ndipo wolowa m'malo mwa Immelt adadula ndalama za ntchitoyi. Alphabet, kholo la Google, ili ndi nyumba yake yotchedwa X, imene idalera Waymo, ya magalimoto odziyendetsa okha. Mmenemo mudatulukanso Loon, ya zibaluni zoyandama m'mwamba kwambiri zopereka intaneti kumadera akutali. Mu 2020 Loon idayamba kugwira ntchito ku Kenya limodzi ndi Telkom Kenya, ndipo idasaina mgwirizano ndi kampani ya mafoni ya Vodacom wofuna kufikira zigawo za Niassa ndi Cabo Delgado ku Mozambique. Mu Januwale 2021 idatsekedwa. Zibalunizo zinkauluka bwinobwino, koma mtengo wake sudatsike kufika poti malondawo n'kudziimira okha.

Kenako ndalama zidakwera mtengo. Kuyambira Malichi 2022 banki yaikulu ya America idakweza chiwongoladzanja kuchoka pafupi ndi ziro kufika pamwamba pa 5 peresenti mu 2023. Eni masheya adasiya kupirira malonjezo a zaka khumi. Ford ndi Volkswagen adatseka Argo AI, kampani ya magalimoto odziyendetsa okha, mu Okutobala 2022, ndipo mu Disembala 2024 General Motors idasiya kuthira ndalama mu matakisi odziyendetsa a Cruise, itawononga madola oposa 10 biliyoni.

M-Pesa: mbande imene idagwira

Chitsanzo chimene chili pafupi ndi ife ndi cha ku Kenya, ndipo aliyense wolandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba akudya zipatso za njira imene chidalambula. Nick Hughes adali wantchito wa kampani ya mafoni ya Vodafone ku Britain. Ganizo lake loyendetsa ndalama pa foni silikadapikisana ndi ntchito zikuluzikulu za kampaniyo pa bajeti, ndiye adakapeza pafupifupi mapaundi 1 miliyoni ku thumba la nthambi ya boma la Britain yoona za chitukuko cha mayiko, DFID, ndipo Vodafone idaikapo ndalama zofanana nazo. Susie Lonie ndiye adapita ku Kenya kukayendetsa ntchitoyi.

Kuyesa kudayamba mu 2005 ku Thika ndi ku Nairobi, limodzi ndi bungwe la ngongole zazing'ono la Faulu. Cholinga chidali chakuti anthu azibweza ngongole pa foni. Anthuwo adachita zawo. Ena ankatumizirana ndalama, ena ankagulira achibale akumudzi mayunitsi, amalonda ena ankaika ndalama mu foni asanakwere basi n'kukazitapa akafika, poopa akuba panjira. Oyendetsa ntchitoyi adalolera kutaya cholinga choyambacho, ndipo M-Pesa itakhazikitsidwa mu Malichi 2007 uthenga wake udali umodzi: tumizani ndalama kumudzi.

Chimene chidaipulumutsa powokera ndi Michael Joseph, nthawi imeneyo mkulu wa Safaricom, kampani ya mafoni ya ku Kenya imene Vodafone idali ndi gawo mmenemo. Adaitenga ngati yake, adaika ndalama zambiri zotsatsira, ndipo adakankha ogulitsa mayunitsi a kampaniyo kuti akhale ma ejenti. Popanda kabenchi ka ejenti pamsika uliwonse, pulogalamuyo ikadakhala yopanda ntchito. Banki yaikulu ya Kenya nayo idalola kuti ntchitoyi iyambe malamulo ake enieni asanalembedwe. Chaka chisanathe olembetsa adapitirira 1 miliyoni. Koma M-Pesa yomweyo, Vodacom itaipititsa ku South Africa mu 2010, kumene anthu ambiri adali kale ndi maakaunti a kubanki, sidagwire, ndipo idatsekedwa mu 2016.

Ntchitoyi lero

Mkulu wa zatsopano wa masiku ano amathera nthawi yambiri m'misonkhano ya bajeti kuposa m'labotale. Gawo lina la ntchito yake ndi kugawa ndalama. Eric Schmidt ali mkulu wa Google adatchukitsa kagawidwe ka 70, 20 ndi 10: gawo lalikulu pa malonda amene alipo, lachiwiri pa zoyandikana nawo, laling'ono pa zongoyesa. Mlimi amachitanso chimodzimodzi akabzala chimanga chodalirika pa munda waukulu, soya pambali, n'kusiya mizere iwiri ya mbewu imene wangoimva kwa alangizi.

Gawo lina, limene silitchulidwa pa tsiku lomulandira, ndi kupha ntchito. Ndalama zimaperekedwa pang'onopang'ono, ndipo pa sitepe iliyonse gulu liyenera kuonetsa umboni kuti pali ofuna chinthucho. Ku Amazon, gulu lisanayambe kupanga chinthu limalemba kaye chilengezo cha kwa atolankhani ngati kuti chinthucho chatuluka kale, ndipo chilengezocho chikakhala chosakopa ganizolo limathera pomwepo. Ngakhale ndi njira imeneyi, foni yawo ya mu 2014 yotchedwa Fire Phone idalephera ndipo kampaniyo idavomereza kutaya madola 170 miliyoni. Nthambi yomwe idapanga foniyo, yotchedwa Lab126, chaka chomwecho idatulutsa Echo, sipika yolankhula imene idagulidwa kwambiri.

Pomwe pamavuta ndi pa muyeso. Ukapanda kuyeza, ndalama zimangosungunuka. Ukayeza kwambiri, anthu amangobweretsa zinthu zazing'ono zimene phindu lake n'lodziwikiratu. Kampani ya 3M idaona mbali zonse ziwiri. Kwa zaka zambiri inkalola akatswiri ake kugwiritsa ntchito 15 peresenti ya nthawi yawo pa zofuna zawo. Mu 1968 Spencer Silver adapanga guluu wosamata kwambiri amene palibe adadziwa ntchito yake. Mu 1974 mnzake Art Fry, woimba kwaya kutchalitchi, atatopa ndi timapepala toika m'buku la nyimbo timene tinkangogwa, adakumbukira guluu uja. Timapepala tomata ta Post-it tidafika m'masitolo a dziko lonse la America mu 1980, patatha zaka 12. James McNerney atabwera kuchokera ku General Electric mu 2001, adabweretsa Six Sigma, njira yochepetsera zolakwika poyeza sitepe iliyonse. Phindu lidakwera, koma akatswiri ambiri adadandaula kuti ganizo ngati la Silver silikadapulumuka, ndipo George Buckley, amene adalowa m'malo mwa McNerney mu 2005, adafewetsa malamulowo m'malabotale.

Kubwera kwa pulogalamu ya AI ya ChatGPT mu Novembala 2022 kudawonjezera katundu wina. Mkulu wa AI sangokankha kampani kuti ithamange, amayeneranso kuigwira mabuleki: kuona kuti zinsinsi za makasitomala sizikuthiridwa m'mapulogalamu a eni ake, kuti kompyuta yosankha oyenera ngongole sikukondera, ndi kuti kampani ikutsatira malamulo monga la mayiko a European Union lokhudza AI, limene lidayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2024. Mkulu wa Bell Labs sankagona ndi nkhawa zoterezi.

Kodi udindowu ukufunikadi?

Apa akatswiri sagwirizana. Ena amati ukasankha munthu mmodzi kuti ndiye wa zatsopano, ena onse amasamba m'manja, ndipo munthuyo amakhala ndi dzina lalikulu koma alibe fakitale, alibe ogulitsa, bajeti yake ndiyo yoyamba kudulidwa zinthu zikathina. Amatchula Apple, imene ilibe mkulu wa dzina limeneli, n'kunena kuti ntchitoyi ndi ya mkulu wa kampani yonse. Ena amayankha kuti ntchito ya aliyense siikhala ndi mwini, ndipo popanda munthu amene malipiro ake amadalira zamawa, zalero zimapambana msonkhano uliwonse.

Mbali zonse zimaloza anthu awiri omwewo. Andy Jassy adatsogolera Amazon Web Services, yobwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti, imene idayamba mu 2006, ndipo mu Julayi 2021 adakhala mkulu wa Amazon yonse. Satya Nadella ankayang'anira ntchito yofanana nayo ku Microsoft asanakwezedwe mu Febuluwale 2014. Palibe mwa iwo amene ankatchedwa mkulu wa zatsopano, koma onse awiri adali ndi bizinesi yatsopano m'manja, yokhala ndi makasitomala ake, antchito ake ndi mabuku ake a phindu ndi zotayika. Mukamva kuti banki yanu kapena kampani ya foni yanu yasankha mkulu wotere, dzina la udindo silikuuzani zambiri. Funsani kuti amapereka lipoti kwa ndani, ali ndi bajeti yakeyake kapena amapempha kwa anzake, komanso ngati angalamule nthambi yaikulu kuti itenge chinthu chimene nthambiyo sikuchifuna.

Za Walmart zija, kampaniyo potseka Store No. 8 idati zimene nthambiyo idalera zalowa kale m'nthambi zikuluzikulu, ndipo udindo woganizira zam'tsogolo tsopano ndi wa nthambi zonse. Chimodzi mwa zimene idalera ndi InHome, ntchito imene idayamba mu 2019, yoti wantchito wa Walmart alowe m'nyumba ya kasitomala mwini wake kulibe, atavala kamera yojambula zonse, n'kuika mkaka ndi ndiwo mu filiji.